Tikambirane za Banja ndi Dziko: Intaneti ya Ulere, Nanga Alipira Ndani?

Ndikhulupirira kuti palibe mmodzi mwa inu amene sanaonepo mjigo wakufa. Tsiku limene unatsegulidwa kunali ng'oma ndi nthungululu. Akuluakulu ocokera ku boma anafika ndi magalimoto, mfumu inalankhula, ndipo mlendo wolemekezeka anapopa madzi oyamba anthu ali kuomba m'manja. Patapita zaka zitatu kapena zinai, udzu wamera pa simenti, mbuzi zigona pamenepo, ndipo amai abwerera kudambo kumene anali kutunga kale. Mukafunsa cimene cinaonongeka, kawirikawiri si cinthu cacikulu ai. Kamphira kamodzi kanatha mkati mwa paipi, ndipo panalibe munthu wodziwa kuti kugula kena ndi udindo wa yani.

Ndayamba ndi mjigo cifukwa nkhani ya mwezi uno ndi ya citsime ca mtundu wina, cimene makhonsolo a mizinda yambiri pa dziko lapansi akhala ali kukumbira anthu ao m'zaka makumi awiri zapitazi. Ndinena intaneti ya ulere ya pabwalo, imene acinyamata aicha Wi-Fi. Kwa ife amene tinakula tili kulemba makalata ndi kudikira positi, ndifotokoze pang'ono. Intaneti imafika pamalo kudzera m'nthambo yokwiriridwa pansi, kapena kudzera m'mafunde a wailesi ocokera pa nsanja. Pamalopo amaikapo kabokosi, kawirikawiri pamwamba pa mlongoti kapena pa khoma la nyumba, ndipo kabokosiko kamamwaza mafunde mozungulira, dera losaposa kwenikweni bwalo la mpira. Aliyense amene ali ndi foni ya makono kapena kompyuta, akaima m'dera limenelo, angathe kulowa pa intaneti popanda kugula bandulo. Akacokapo, mafunde aja atsalira pomwepo. N'cifukwa cake ndati ndi citsime: madzi ake sakutsata kunyumba, uyenera kupita ukatunge.

Wina angafunse kuti, kodi khonsolo ilowereranji pa zinthu zotere? Si masewera a ana amenewa? Kale nanenso ndinali kuganiza motero, koma taonani m'mene zinthu zasinthira. Dziko lathu la Zambia linalumikizidwa pa intaneti m'caka ca 1994, kudzera ku Zamnet imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, ndipo masiku amenewo cinali cinthu ca aphunzitsi a pa yunivesite ndi mabungwe owerengeka a mu Lusaka. Lero mwana amene watsiriza Giredi 12 akafuna malo ku koleji, amuuza kuti alembe fomu pa intaneti. Wofuna nchito amuuza kuti atumize makalata ake komweko. Mlimi afuna kudziwa mtengo wa soya ku tauni asanagulitse kwa wogula wa pakhomo. Khomo la ofesi, limene kale linali la thabwa ndi lotseguka kwa aliyense wofika ndi miyendo yake, tsopano lasamukira mu foni, ndipo pa khomo latsopanoli paima mlonda wofuna ndalama ya bandulo. Amene alibe atsala kunja, ngakhale akhale wanzeru cotani.

Mzinda umene ndifuna kuti tiuyang'ane bwino ndi Tshwane, ku South Africa. Ambiri tiudziwa ndi dzina la Pretoria, koma khonsolo ya Tshwane ndi yaikulu kuposa Pretoria yekha. Iphatikiza makomboni akuluakulu monga Mamelodi, Atteridgeville, Soshanguve ndi Hammanskraal, kumene boma la tsankho linaunjika anthu akuda kutali ndi pakati pa mzinda. Pa kalembera wa 2011 munapezeka anthu pafupifupi 3 miliyoni. Ndasankha mzinda umenewu cifukwa uli mu Africa mwathu muno, anthu ake ambiri ndi osauka monga ife, ndiponso nkhani yake ili ndi mbali zonse ziwiri, yokoma ndi yowawa.

M'caka ca 2013 meya wa mzindawu anali a Kgosientso Ramokgopa. Iwo anapangana ndi bungwe losafuna phindu lochedwa Project Isizwe, limene linayambitsidwa caka comweco ndi a Alan Knott-Craig, mwana wa mkulu amene anatsogolera kampani ya mafoni ya Vodacom kwa zaka zambiri. Pangano lake linali lakuti khonsolo itulutse ndalama, ndipo bungwelo limange ndi kuyendetsa nchitoyo. Mu Novembala 2013 anatsegula malo asanu oyamba: pa bwalo la Church Square pakati pa Pretoria, pa holo ya anthu onse ku Mamelodi, ndi pa masukulu atatu a ukacenjede, kuphatikiza a ku Soshanguve ndi ku Hatfield. Foni iliyonse inali kupatsidwa 250MB pa tsiku, ndipo pambuyo pake anakweza kufika pa 500MB. Muyezo umenewu unali wanzeru. Ngakhale kumudzi, citsime cikayamba kucepa madzi m'cilimwe, anthu amapangana kuti banja lililonse litunge ndowa zakutizakuti, kuopa kuti wofika ndi ngolo ya migolo angasiyire anzake matope.

Cinthu cina cimene anacita bwino ndi tsamba lapadera limene analicha Tobetsa. Pa tsamba limeneli panali nkhani za nchito zofuna anthu ndi zinthu zothandiza pa maphunziro, ndipo munthu anali kuliwerenga m'mene afunira popanda kudya 250MB yake ija. Mwa ici khonsolo sinaletse mnyamata kuonera mpira kapena kuceza ndi anzake, koma inamuuza mwa nchito, osati mwa ulaliki, kuti ukafuna kuphunzira kapena kusaka nchito, madzi ako alibe malire. Makolo ambiri tingaphunzirepo kanthu pamenepa.

Koma cimene ine ndiona kuti ndico cinali cacikulu ndi malo amene anasankha. Sanathamangire ku masitolo akuluakulu a olemera, kumene eni mahotela amapereka kale Wi-Fi kwa makasitomala ao. Anapita pa masukulu, pa nyumba zowerengeramo mabuku, pa makiliniki ndi m'mapaki a m'makomboni. Pofika m'ma 2017 malo otere anali atapitirira 1,000, ndipo mu 2016 mzindawu unalandira mphoto ya pa dziko lonse cifukwa ca nchitoyi. Mizinda ina ya mu Africa inayamba kuyang'ana ku Tshwane ndi maso a nsanje yabwino.

Kuti timvetse cifukwa cake anthu anaikonda cotere, tiyenera kudziwa m'mene bandulo inali kudulira m'dziko limenelo. Mu 2016 anthu a ku South Africa anacita phokoso lalikulu lofuna kuti mitengo ya mabandulo itsike. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda linafufuza nkhaniyi, ndipo mu Disembala 2019 linatulutsa zimene linapeza: mitengo inali kupondereza osauka, pakuti wogula kabandulo kakang'ono anali kulipira zambiri pa MB iliyonse kuposa wogula bandulo yaikulu ya mwezi wonse. Ife sitifunika katswiri kuti atimasulire zimenezi. Tidziwa kuti amai ogula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku alipira zambiri pa kilo kuposa bwana wogula thumba la makilo 25 pa kutha kwa mwezi. Umphawi uli ndi msonkho wake umene olemera sakhoma. Lipoti lija litatuluka, makampani anatsitsa mitengo: mu Epulo 2020 Vodacom inacotsa bandulo ya 1GB pa R149 n'kuiika pa R99. Koma kwa wosagwira nchito, ngakhale R99 ndi phiri.

Mpaka pano nkhani ndi yokoma. Tsono imvani mbali yake ina.

Mu Ogasiti 2016 kunacitika cisankho ca makhonsolo. Cipani ca ANC, cimene cinali kulamulira Tshwane, cinagonja, ndipo a Solly Msimanga a cipani ca Democratic Alliance anakhala meya. Atsogoleri atsopanowa sananene kuti Wi-Fi ndi yoipa. Cimene cinavuta ndi njira imene ndalama zinali kutulukira. Khonsolo yakale inali kupereka ndalamazo kwa bungwe lija monga thandizo, popanda kuitanitsa tenda kuti makampani osiyanasiyana apikisane, ndipo ofesi ya mkulu wofufuza za cuma ca boma inaziwerenga kuti zinagwiritsidwa nchito mosatsata malamulo. Pano ticenjere ndi lilime lathu, pakuti kusatsata ndondomeko ndi kuba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo milongoti inaimikidwadi, anthu anaiona ndi maso ndi kuigwiritsa nchito. Komabe mlandu wa ndondomeko unali wokwanira kugwedeza nchito yonse. Mu 2018 pangano ndi Project Isizwe linatha, ndipo khonsolo inapereka nchitoyo kwa kampani ina kudzera mu tenda. M'nyengo ya kusinthana manja imeneyi anthu anadandaula kuti malo ena anazima, ndipo kwina zipangizo zinabedwa kapena kuonongedwa. Mwana wa sukulu amene anazolowera kukhala pansi pa mtengo wa pa laibulale ndi homuweki yake sanadziwe za tenda kapena za ofufuza mabuku. Iye anangoona kuti foni yasiya kugwira.

Ine ndikaganizira nkhaniyi, mtima wanga ugawikana. Mbali ina nditi, meya uja akadadikira mapepala onse, mwina zaka zikadapita popanda mlongoti ngakhale umodzi, pakuti tidziwa m'mene mafaelo amagonera m'maofesi. Koma mbali ina ndikumbuka mau a makolo akuti kuthamanga si kufika. Nchito yomangidwa pa cifuniro cabwino ca munthu mmodzi imakhala ndi moyo wofanana ndi wa mpando wake. Malamulo a tenda, ngakhale atopetsa, ndiwo amene amacititsa kuti cinthu cikhale ca khonsolo osati ca meya, ca mzinda osati ca cipani. Cikakhala ca mzinda, wolowa m'malo sangacikane, pakuti acipeza m'mabuku monga apeza misewu ndi misika. Cikakhala ca meya, wolowa m'malo amayamba ndi kucifufuza, ndipo pamene akuluakulu ali kufufuzana, amene avutika ndi mwana uja wa pansi pa mtengo.

Musaganize kuti vutoli ndi la mu Africa mokha. Ku America, mzinda wa Philadelphia unalengeza mu 2004 kuti udzafalitsa Wi-Fi mu mzinda wonse, ya ulere m'malo ena a anthu onse ndi yochipa m'nyumba za osauka. Kuopa kugwiritsa nchito ndalama za msonkho, unapereka nchitoyo kwa kampani ya EarthLink kuti imange ndi ndalama zake, idzapeze phindu kwa olembetsa. Olembetsa anacepa, ndipo mu 2008 kampaniyo inanyamula katundu wake wa maganizo n'kucokapo. Ku Tshwane citsime cinatsamira pa meya, ku Philadelphia cinatsamira pa phindu la wamalonda. Zonse ziwiri ndi mizati yosunthika.

Apa ndiye pagona nkhani, okondedwa awerengi. Mau akuti ulere amatinamiza. Palibe Wi-Fi ya ulere, monga palibenso msewu wa ulere kapena nyali ya mumsewu ya ulere. Nthambo ili ndi mwini wake amene afuna malipiro mwezi ndi mwezi. Kabokosi kafuna magetsi usana ndi usiku. Mphenzi ikakatentha, pafunika mmisiri wodziwa kukwera pa mlongoti, ndipo iyenso ali ndi ana ofuna nsima. Tikamati ya ulere, tanthauzo lake ndi lakuti wotunga salipira pa citsime, koma mudzi wonse walipira kale kudzera mu msonkho. Mwa olipirawo muli mwini nyumba wokhoma msonkho wa malo, ndipo mulinso mai wogulitsa tomato amene amapereka ndalama ya tikiti pa msika m'mawa uliwonse, malonda ayende kapena asayende. Ngati tsono khonsolo itenga ndalama ya mai ameneyu n'kukaika Wi-Fi pa kapinga wa ofesi yake, kumene afika ndi anthu a mataye okhala ndi intaneti kale m'maofesi mwao, ndiye kuti wosauka wagulira wolemera nkhuku. Koma ikaika pa msika, pa kiliniki ndi pa sukulu pamene aphunzira mwana wa mai uja, ndalama yabwerera kwa mwini wake.

Pali funso lina lolemera kuposa ili, ndipo sindifuna kulizemba. Kodi khonsolo yolephera kupatsa anthu madzi abwino iyenera kuyamba kukamba za intaneti? Funsoli nalonso yankho lake lowawa lili mu Tshwane momwemo. Komboni ya Hammanskraal, imene ndaichula poyamba paja, yavutika zaka zambiri ndi madzi oipa cifukwa ca kuonongeka kwa malo oyeretsera madzi a zonyansa ku Rooiwal. Mu 2019 bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo linanena kuti madzi a kumeneko sayenera kumwedwa ndi munthu. Mu Meyi 2023 kunabuka kolera, ndipo anthu oposa 20 anamwalira. Mzinda umene unalandira mphoto ya pa dziko lonse cifukwa ca Wi-Fi unaika m'manda ana ake cifukwa ca madzi. Ife amene tinaona bwalo la mpira la Heroes mu Lusaka litasanduka cipatala ca kolera kuciyambi kwa 2024, sitingawerenge zimenezi ngati nkhani ya kutali.

Kodi ndiye kuti Wi-Fi ndiyo inapha anthu a ku Hammanskraal? Ai, kunena motero kungakhale kunama, pakuti vuto la ku Rooiwal linadutsa m'manja mwa atsogoleri a zipani zosiyanasiyana, ndipo kuzimitsa milongoti sikukadayeretsa madzi. Koma pali yeso limene andale a dziko lililonse amagwamo. Cinthu catsopano ndi conyezimira cimabweretsa atolankhani ndi zithunzi, pamene kukonza paipi ya zonyansa yokwiriridwa pansi sikubweretsa munthu woomba m'manja. Ine ndiima apa: madzi ayambe, pakuti wakufa safuna bandulo. Koma sindivomereza kuti osauka auzidwe kudikira intaneti mpaka tsiku limene dzenje lomaliza la mumsewu lidzakwiriridwe, cifukwa tsiku limenelo silidzafika, ndipo ana a olemera sali kudikira. Mai wanzeru amagula ufa poyamba, koma sanena kuti mwana adzagula kope akadzatsiriza kumanga nyumba ya malata.

Mpingo wathu sunayambe dzulo kulingalira za zipangizo zofalitsira nkhani. Pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican unatulutsa cikalata cochedwa Inter Mirifica, cimene cinaona wailesi, kanema ndi nyuzipepala monga zipatso zodabwitsa za nzeru zimene Mulungu anapatsa munthu, zoyenera kugwiritsidwa nchito bwino. Mu Febuluwale 2002, pa nthawi ya Papa Yohane Paulo Waciwiri, bungwe la ku Vatican loona za kufalitsa nkhani linalemba za makhalidwe oyenera pa intaneti, ndipo linacenjeza kuti mpata wa pakati pa amene ali nayo ndi amene alibe ndi mtundu wa tsankho logawa olemera ndi osauka, nilipempha kuti papezeke njira zofikitsira intaneti kwa otsalira. Papa Fransisko, mu uthenga wake wa tsiku la zofalitsa nkhani wa 2014, anaichula intaneti kuti ndi mphatso ya Mulungu. Ciphunzitso ca Mpingo cakhala cili cakuti mphatso za Mulungu anazikonzera anthu onse. Conco khonsolo imene iyesa kufikitsa intaneti kwa wosauka siili kucita zamanyado. Ili pa nchito ya cilungamo, malinga iicite ndi manja oyera ndi maso oona patali.

Tsono ndilankhule kwa makolo anzanga, pakuti ndidziwa nkhawa yanu. Citsime ici sicitulutsa madzi oyera okhaokha. Mzinda wa New York unaphunzira zimenezi mocititsa manyazi. Kuciyambi kwa 2016 unayamba kucotsa mafoni akale a m'misewu n'kuimika m'malo mwake zipilala zopereka Wi-Fi ya ulere, zolipiridwa ndi otsatsa malonda, ndipo cipilala ciliconse cinali ndi kagalasi kamene munthu anali kuonerapo masamba a pa intaneti. Pasanathe caka, mu Seputembala 2016, anatseka mbali imeneyo ya kagalasi, cifukwa anthu ena anali kukhala pamenepo maola ambiri, ndipo ena anali kuonera zithunzi zolaula poyera, pamsewu podutsa ana. Pali njira zotsekera masamba onyansa pa Wi-Fi ya anthu onse, ndipo khonsolo yosamala iyenera kuziika, makamaka pafupi ndi masukulu. Koma sefa ya makina siigwira zonse. Siingagwire mau okoma a munthu wacikulire wonyengerera mtsikana wa Giredi 9, ndipo siingagwire wakuba wotumiza uthenga wakuti mwapambana mphoto, tumizani nambala yanu yacinsinsi.

Palinso cinthu cina cimene opanga mapulani m'maofesi sakumbukira kawirikawiri, koma mai aliyense angaciganize msanga. Popeza madzi a citsimeci satsata munthu kunyumba, ana adzapita kumene kuli, ndipo ambiri adzapita madzulo atatsiriza nchito za pakhomo. Kodi pamalopo pali nyali? Kodi pali pokhala, kapena adzatsamira khoma la malo omwera mowa? Mnyamata angathe kukhala kunja mpaka usiku, koma mtsikana makolo amuletsa, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Mapeto ake citsime cimene cinakumbidwira onse cimakhala ca anyamata okha. Malo abwino ndi amene ali ndi munthu wamkulu pafupi, monga laibulale, sukulu kapena bwalo la parishi. Ndipo kunyumba, tisacite manyazi kufunsa mwana cimene wakatunga. Kuletseratu sikuthandiza. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo wa 14 anamuika m'gulu la oyera pa 7 Seputembala 2025, anagwiritsa nchito kompyuta yomweyi posonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Mpeni umodzimodzi usenda cinangwa ndi kuceka cala.

Kuno kwathu nkhaniyi siili kutali monga ena aganizira. Kuyambira m'bajeti ya 2022, ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zimene tizidziwa ndi dzina la CDF, zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zinapitiriza kukwera m'zaka zotsatira. Ndalamazi zimadutsa ku khonsolo, ndipo maganizo a nchito zoti zicitike amayambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi, m'mene muli Akhristu anzathu ambiri, ena a iwo atsogoleri a m'Miphakati. Tsiku lina munthu adzaimirira pa msonkhano wotere n'kunena kuti tiike Wi-Fi pa msika kapena pa sekondale. Ine sindidzamutsutsa. Ndingopempha kuti pakhale wina wolimba mtima wofunsa mafunso amene anthu sakonda kumva pa tsiku la cikondwerero. Cipinda cophunziriramo mukamanga, mwamanga, ciima cokha zaka zambiri. Wi-Fi ili ngati mwana wakhanda, imadya mwezi ndi mwezi. Kodi bilu ya caka caciwiri ndi cacisanu yalembedwa pa mzere uti wa bajeti ya khonsolo? Kodi nchitoyi idutsa mu tenda yoonekera, kuti khansala wa mawa asadzapeze cifukwa coikanira? Zipangizo zidzalembedwa m'dzina la yani pangano likadzatha? Nanga kabokosi kakazima Lacitatu, mai wa pa msika akauze yani, ndipo wokonza adzafika pakapita masiku angati?

Za magetsi sindingasiye. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima pafupifupi tsiku lonse. Kabokosi ka Wi-Fi sikadya magetsi ambiri, conco sola ndi batire zingathe kukayendetsa. Koma batire imakalamba pakapita zaka zowerengeka ndipo ifunika ina, ndiponso sola ya padenga ndi nyambo ya akuba. Pano tabwerera ku kamphira ka mjigo kaja. Midzi imene mijigo yake ikali kutulutsa madzi mpaka lero ndi imene inasankha komiti, inaphunzitsa mmodzi mwa anthu ake kumasula mapaipi, ndipo banja lililonse limaponya kangacepe m'thumba la zokonzera madzi asanaleke. Kumeneko munthu akaona mwana ali kulendewera pa cogwirira amamudzudzula, ngakhale mwanayo si wake, cifukwa adziwa kuti cikathyoka ndi thumba lake lomwe lidzalira. Ngati acinyamata a m'dera alowetsedwa m'komiti yoyang'anira Wi-Fi, ndipo awiri kapena atatu aphunzitsidwa kukonza zing'onozing'ono, wakuba adzapeza maso ambiri pa mlongoti.

Maparishi athu nawo ali ndi cimene makhonsolo ambiri alibe: malo ochingidwa bwino, holo ya denga ndi mabenci, mlonda wa usiku, ndi cikhulupiriro ca anthu a m'dera, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe. Sindiona coletsa kuti Bambo Mfumu ndi bungwe la parishi akhale pansi ndi khonsolo n'kupangana kuti khonsolo ibweretse nthambo ndi kulipira bilu, parishi ipereke malo ndi kuyang'anira. Koma pangano lotere lilembedwe pa pepala ndi kusainidwa, cifukwa ansembe nawo amasamutsidwa monga mameya, ndipo khomo likhale lotseguka kwa mwana aliyense, osafunsa kumene apemphera.

Ngati parishi yanu, sukulu kapena msika wa m'dera lanu unayesapo kale zimenezi, lemberani Akonzi a magazini ino. Mutiuze kumene kabokosi kanaikidwa, amene amafika kudzatunga, amene analipira caka coyamba, ndi amene ali kulipira lero.